Mmene Mungapalasire Njinga Limodzi ndi Akatswiri pa Mpikisano Waukulu wa Pamsewu

Kuno ku Mangochi mphamvu ya miyendo si nkhani yachilendo. Aliyense amene anaimapo m'mawa pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi anaonapo anyamata akabaza akuwoloka Shire atanyamula munthu wamkulu pamodzi ndi katundu wake, ena akutsika kumapiri atasanjikiza matumba a makala pa njinga imodzi. Koma mnyamata wamphamvu yemweyo akapeza njinga yothamanga n'kukalowa mpikisano waukulu umene muli akatswiri olipidwa, amabwerako ndi nkhani yofanana ndi ya anzake: anayamba bwino, anatsatana ndi gulu lakutsogolo kwa mphindi 20, kenako anatsala yekha mumphepo, minofu inayamba kukokana, ndipo anafika kumapeto atakwera galimoto yotola otopa.

Inenso zinandichitikira pa mpikisano wanga woyamba wautali. Nditadutsa makilomita 70 ndinaima m'mbali mwa msewu ntchafu zonse ziwiri zitauma gwaa, m'thumba la malaya muli nthochi zitatu zimene ndinali ndisanazikhudze, zitada ndi kutentha. Bambo wina waimvi amene ndinamupitirira poyamba paja anandidutsa modekha akutafuna chakudya chake. Kuyambira tsiku limenelo ndinadziwa kuti chimene chimatigwetsa ife osaphunzira masewerawa ndi zinthu zitatu: kusadziwa kupalasa pakati pa gulu, kuyamba ndi liwiro la eni ake, ndi kuiwala kudya. Malangizo awa ndi a munthu amene ali ndi ntchito yake ina, kaya ndi mphunzitsi, msodzi, wamalonda kapena wakabaza, koma akufuna kukaima pamzere umodzi ndi akatswiri n'kukamaliza ali pa njinga yake.

## Zofunika kukhala nazo

- Njinga ya pamsewu yamagiya, ya mahandulo opindikira pansi, yogwirizana ndi msinkhu wanu. Sikuti ichite kukhala yatsopano. Malamulo a bungwe loyendetsa masewerawa padziko lonse, la UCI, salola njinga ya mpikisano kupepuka kuposa makilogalamu 6.8, ndipo za akatswiri zimakhala pafupi ndi pamenepo, koma njinga yakaunjika ya makilogalamu 9 kapena 10 yokhala ndi matayala abwino ikhoza kukufikitsani kumapeto bwinobwino.
- Chisoti choteteza mutu, chimene ambiri timangoti helemeti, chopanda mng'alu. Popanda chimenechi sakulolani kuyamba.
- Kabudula wa pa njinga wokhala ndi kansalu kofewa pakati, ndi malaya okhala ndi matumba kumsana.
- Mabotolo awiri a madzi ndi zoikamo zake pa felemu.
- Machubu awiri atsopano, zigamba ndi guluu, tizitsulo tochotsera tayala, pampu yaing'ono, ndi masipanala ang'onoang'ono a njinga yanu.
- Magalasi a m'maso ndi magolovesi.
- Wotchi kapena foni yoonetsa mtunda ndi nthawi.
- Pasipoti, inshuwalansi ya chipatala ndi ndalama za ulendo, ngati mpikisanowo uli kunja kwa dziko.
- Anzanu osachepera atatu okonzekera nawo. Ndawaika pamndandanda wa zipangizo mwadala, chifukwa sitepe 5 simungaikwanitse muli nokha.

## Sitepe 1: Sankhani mpikisano woyenera, ndipo werengani malamulo ake onse

Si mpikisano uliwonse umene umalandira munthu wamba. Tour de France, Tour du Rwanda kapena mpikisano wa dziko lonse lapansi umene unachitikira ku Kigali mu September 2025 ndi ya matimu ndi mayiko okhaokha. Imene inu mukufuna ndi ija imene akatswiri ndi anthu wamba amadutsa msewu umodzi tsiku limodzi. Kuchigawo chathu kuno iwiri yodziwika kwambiri ili ku South Africa. Cape Town Cycle Tour, imene inayamba mu 1978, imachitika mu March ndipo ndi ya makilomita pafupifupi 109. Anthu zikwizikwi amapalasa nawo, ndipo opambana amamaliza m'maola pafupifupi awiri ndi theka. Winawo ndi wa mumzinda wa Johannesburg, umene kawirikawiri umachitika mu November pa mtunda wosakwana pang'ono makilomita 100. Kwathu konkuno, funsani ku bungwe la Cycling Federation of Malawi za mipikisano imene ikukonzedwa, ndipo ndingakulangizeni kuyamba ndi yoteroyo musanaononge ndalama za ulendo wakunja.

Powerenga malamulo fufuzani tsiku lotseka kulembetsa, nthawi imene amatseka msewu kwa ochedwa, ngati pakufunika laisensi, ndi mmene amagawira magulu oyambira. M'mipikisano ikuluikulu akatswiri amayamba okha kutsogolo, ndipo ena onse amaikidwa m'magulu potengera nthawi zimene anapanga m'mipikisano yam'mbuyo. Wobwera koyamba amamuika chakumbuyo.

Chenjezo: ganizirani nyengo imene mudzakonzekere, osati tsiku la mpikisano lokha. Mpikisano wa mu March umafuna kuti muzipalasa m'dzinja, mvula ili mkati ndipo misewu ili ndi maenje ndi mchenga wokokoloka. Wa mu November umafuna kuti mupirire dzuwa la September ndi October la kuno kunyanja. Abale athu achisilamu aonenso kalendala, chifukwa zaka zina mwezi wa Ramadan umagwera pa masabata omwewo ofunika kupalasa maulendo aatali.

## Sitepe 2: Pitani kuchipatala musanayambe

Pemphani kuti akuyezeni kuthamanga kwa magazi ndi kuchuluka kwake. Ife a m'mbali mwa nyanja timakhala ndi malungo ndi likodzo pafupi, ndipo matenda awiri onsewa amachepetsa magazi mwakachetechete. Munthu wochepa magazi amapuma wefuwefu pa chitunda chaching'ono n'kumaganiza kuti ndi ulesi. Mukadwala malungo mkati mwa kukonzekera, malizani mankhwala, pumulani, ndipo mubwerere pa njinga pang'onopang'ono. Masabata otayikawo musayese kuwabweza pa sabata imodzi.

Muwauzenso adokotala kuti mukukapikisana. Pamipikisano imene muli akatswiri pamakhala kuyeza mankhwala oletsedwa, ndipo lamulo silisiyanitsa wolipidwa ndi wosalipidwa. Tramadol ndi woletsedwa pa mpikisano, chamba n'choletsedwanso, ndipo mankhwala ena a chimfine ali ndi zinthu zimene zikhoza kukupezetsani olakwa.

## Sitepe 3: Konzani njinga kuti ikukwaneni

Khalani pachishalo, ikani chidendene pa pedulo ili pansi penipeni, ndipo mwendo uwongoke popanda chiuno kupendekeka. Mukabweza phazi pamalo ake opalasira, bondo lidzakhala lopindika pang'ono, ndipo pamenepo ndiye poyenera. Chishalo chotsika kwambiri, monga mmene ambiri tinazolowerera pa njinga zonyamulira katundu, chimapweteka bondo chakutsogolo; chokwera kwambiri chimapweteka kuseri kwa bondo ndi m'chiuno. Mukapeza poyenera, zungulizani kachidutswa ka tepi pachitsulo cha chishalo kuti mudzapapeze mosavuta mukadzamasula njinga paulendo.

Matayala a mamilimita 25 kapena 28 ndi abwino pa misewu yathu. Sinthani tcheni chotha, yang'anani masipoko omasuka, ndipo onetsetsani kuti mabuleki akugwira mbali zonse ziwiri mofanana. Kuno zipangizo za njinga zothamanga sizipezeka wambawamba, choncho machubu ndi matayala a saizi yanu muwaitanitse ku Blantyre kapena ku Lilongwe nthawi ikadalipo.

## Sitepe 4: Konzekerani kwa masabata 12 mpaka 16

Mangochi ili ndi misewu yokwanira kukonzekeretsa munthu mpikisano wa makilomita 100, ndipo uliwonse uli ndi phunziro lake.

Msewu wopita ku Monkey Bay ndi wa maulendo aatali. Kuchokera pa boma ndi makilomita opitirira 60, kutanthauza kuti kupita ndi kubwerera mwadutsa kale mtunda wa mpikisano wa ku Cape Town. Musayambe ndi ulendo wonsewo. Sabata yoyamba kathereni cha ku Makawa n'kubwerera, ndipo sabata iliyonse muziwonjezera makilomita 8 kapena 10 mpaka mudzathe kukhala pachishalo maola anayi. Liwiro la ulendo wautali likhale loti mukhoza kulankhula ndi mnzanu chiganizo chathunthu osadukiza. Ambiri amanyoza liwiro limeneli kuti ndi lachibwana, koma ndi limene limamanga mtima ndi mapapo. Nyengo ya mwera msewuwu umaphunzitsanso kudziletsa: popita mphepo imakukankhani kumsana n'kumakunamizani kuti muli ndi mphamvu, ndipo pobwerera imakuombani kumaso mpaka pa boma.

Msewu wokwera ku Namwera, mukawoloka mlatho n'kuyamba mapiri a ku Chowe, ndi wa zitunda. Pitaniko kamodzi pa sabata. Kwerani muli chikhalire pachishalo, pa magiya opepuka, miyendo ikuzungulira maulendo 70 mpaka 85 pa mphindi. Sankhani chigawo chokwera cha mphindi 8 kapena 10, mukwere mwamphamvu koma mosadzitha, mutsike mopumula, ndipo mubwereze katatu kapena kanayi. Potsika phunzirani kugwira mabuleki musanafike pokhota, osati muli kale mkati mwake.

Msewu wa ku Ulongwe ndi Liwonde mungaugwiritse ntchito pa tsiku la liwiro: mphindi zisanu mwamphamvu, mphindi zisanu mopumula, kasanu. Masiku otsalawo akhale a ulendo wofatsa wa ola limodzi, ndipo masiku awiri pa sabata musakwere njinga n'komwe. Sabata yachinayi iliyonse chepetsani zonse ndi theka, pakuti thupi limalimba pamene likupuma.

Chenjezo: nyamukani kukangocha kuti dzuwa likamafika paliwombo mukhale muli kunyumba. Misewu yonseyi ili ndi maminibasi, malole, njinga zamoto, mbuzi ndi ana a sukulu, choncho musatseke makutu ndi nyimbo. Ngati mukupita ku Johannesburg kumbukirani kuti Mangochi ili pansi, pa mamita osakwana 500 kuchokera pa nyanja yamchere, pamene mzindawo uli pa mamita pafupifupi 1,750. Mpweya wa kumeneko ndi wopyapyala, ndipo liwiro limene kuno mumalipirira mosavuta kumeneko lidzakutopetsani msanga. Mukatha, kapalaseni masiku angapo ku Dedza kuti mudziwiretu mmene thupi lanu limachitira pamalo okwera.

## Sitepe 5: Phunzirani kupalasa m'gulu

Apa ndiye pagona nkhani yonse. Katswiri amatiposadi mphamvu, koma chimene chimamupititsa kutali kwambiri n'chakuti satha mphamvu zake polimbana ndi mphepo pachabe. Munthu amene ali kumbuyo kwenikweni kwa tayala la mnzake amapulumutsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvu zake, ndipo pakati pa gulu lalikulu amapulumutsa zoposa pamenepo. Ndiye chifukwa chake munthu wamphamvu amene akupalasa yekha amapitiriridwa ndi gulu la anthu ofooka kuposa iye.

Sonkhanitsani anzanu aja pa msewu wosadutsa magalimoto ambiri ndipo muchite izi motsatana.

Choyamba, ndandalikanani pamzere umodzi, mpata wa mita imodzi pakati pa tayala lanu lakutsogolo ndi lakumbuyo la mnzanu. Pakatha masabata awiri fupikitsani mpatawo kufika theka la mita. Maso anu asakhale pa tayala. Yang'anani m'chiuno mwa amene ali patsogolo panu ndi msewu wa kutsogolo kwake, chifukwa ngozi imaonekera kumeneko isanakufikeni.

Chachiwiri, phunzirani kusinthana. Wakutsogolo atsogole kwa mphindi imodzi, apereke chizindikiro ndi chigongono, apatukire pambali pang'ono, n'kubwerera kumbuyo kwa mzere. Wolowa m'malo mwake asawonjezere liwiro. Ichi ndi cholakwa cha anyamata amphamvu: akangofika kutsogolo amafuna kuonetsa chamuna, mzere umaduka, ndipo onse amatopa.

Chachitatu, phunzirani kuchepetsa liwiro osagwira mabuleki mwadzidzidzi. Siyani kupalasa kwa kanthawi, dzutsani chifuwa kuti mphepo ikugwireni, kapena khudzani mabuleki pang'ono chabe. Kumbuyo kwanu kuli munthu amene moyo wake uli m'manja mwanu.

Chachinayi, zolowerani zizindikiro. Dzenje mumaliloza ndi chala pansi, mbali imene lili. Chopinga cha m'mbali mwa msewu mumachisonyeza poyendetsa dzanja kumsana. Tayala likaphwa mumakweza dzanja m'mwamba, n'kupitiriza molunjika mpaka onse atakudutsani, kenako n'kupatuka.

Chachisanu, yesererani kutulutsa botolo, kumwa ndi kulibweza osayang'ana pansi, ndiponso kusenda nthochi ndi dzanja limodzi njinga osagwedezeka. Chitani zimenezi nokha kaye musanazichite pakati pa anthu.

Chenjezo lalikulu kuposa onse: tayala lanu lakutsogolo lisalowe m'mbali mwa tayala lakumbuyo la mnzanu. Tsiku lina tili cha ku Namiasi ndinalola tayala langa kupitirira la mnzanga ndi chikhatho chimodzi chokha. Iye anazemba kamwala, matayala anakhudzana, ndipo ndisanadziwe chimene chachitika ndinali pa phula, khungu la m'chiuno litasupuka ndipo chisoti chitang'aluka pamwamba pa khutu. Mnzangayo sanagwe, ndipo ndi mmene zimakhalira nthawi zambiri: amene amagwa ndi wakumbuyo.

Mphepo ikamaomba cham'mbali, pobisala sipakhala kumbuyo kwenikweni kwa mnzanu koma chakumbali imene mphepoyo ikulowera. Zimenezi zidzakuthandizani kwambiri ku Cape Town, kumene mphepo ya kum'mwera chakum'mawa imaomba mwaukali moti mu 2017 mpikisano wonse unalephereka m'mawa wa tsiku lomwelo.

## Sitepe 6: Zoloweretsani mimba kudya muli pa njinga

Shuga amene thupi limasunga m'minofu ndi m'chiwindi amatha pakadutsa ola limodzi ndi theka kapena maola awiri a ntchito yamphamvu. Akatha, mutu umazungulira, miyendo imakana, ndipo palibe kulimba mtima kumene kungakupulumutseni. Pa ola lililonse muzidya zakudya zopatsa mphamvu zokwana magalamu pafupifupi 60. Nthochi yaikulu imodzi ili ndi magalamu pafupifupi 25, choncho nthochi imodzi, kachidutswa ka mbatata yophika ndi botolo la madzi a shuga zikukwanirani ola limodzi. Simukusowa zakudya zodula za m'mapaketi zimene akatswiri amanyamula, ngakhale zili zopepuka kunyamula.

Chakumwa mungapange nokha: theka la lita la madzi abwino, masipuni awiri aakulu a shuga, kamchere kotsina ndi zala, ndi madontho a ndimu. Kukatentha muzimwa botolo limodzi pa ola, kapena kuposerapo pang'ono. Yambani kudya pakangotha mphindi 30, musanamve njala, ndipo muzipitiriza mphindi 20 kapena 30 zilizonse. Zonsezi muziyese pa maulendo a ku Monkey Bay kuti mimba izolowere. Mukabwerako idyani msanga nsima kapena mpunga ndi usipa, nyemba kapena mazira.

## Sitepe 7: Sabata yomaliza ndi ulendo

Masiku 7 mpaka 10 omaliza chepetsani kupalasa ndi theka. Mphamvu zimene mulibe pofika pano simungazipezenso, koma zimene muli nazo mukhoza kuzitaya.

Njinga muilongedze m'katoni yolimba, mutachotsa mapedulo ndi tayala lakutsogolo, ndipo chosinthira magiya chakumbuyo muchikulunge ndi nsalu chifukwa ndicho chimapindika msanga. Funsiranitu a ndege kapena a basi za malamulo ndi mtengo wonyamulira njinga. Basi yopita ku Johannesburg kudzera ku Mwanza, Tete ndi Beitbridge imatenga nthawi yoposa tsiku lathunthu, ndipo mumatsika miyendo itatupa, choncho fikani kutatsala masiku atatu. Nambala yanu ndi kachipangizo kowerengera nthawi zimatengedwa masiku a mpikisano usanachitike, osati m'mawa wake. Mukamanga njinga, ipalaseni ola limodzi kuti muone ngati magiya akulowa bwino.

## Sitepe 8: M'mawa wa mpikisano

Idyani kutatsala maola atatu: phala, buledi, nthochi, tiyi, zimene mimba yanu ikuzidziwa. Popani matayala, mangani nambala pamene malamulo anena, ikani zakudya m'matumba mwadongosolo loti dzanja lizipeza lokha, ndipo lowani m'gulu lanu nthawi isanakwane. Ku Cape Town m'mawa kumazizira kwa munthu wa kunyanja. Valani chovala chakale chopepuka chimene mungachivule poyamba.

## Sitepe 9: Ola loyamba, dziletseni

Akatswiri amayenda makilomita opitirira 40 pa ola kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Ngati mpikisano wanu ndi woti nonse mumayambira pamodzi, monga zimakhalira m'mipikisano ing'onoing'ono, mtima udzakuuzani kuti muwakakamire. Mukhoza kutero kwa mphindi zochepa muli obisala pakati pa gulu, koma dziikireni malire musanayambe: mukangoona kuti simungathe kutchula mawu atatu motsatana ndipo mpikisano sunafike ngakhale pa theka, asiyeni apite. Musawathamangire nokha. Imwani madzi, yang'anani kumbuyo, ndipo gulu lachiwiri likamafika onjezerani liwiro lisanakupezeni kuti mulowe kumbuyo kwake mosavutika.

Pagulu khalani chakutsogolo koma osati patsogolo penipeni. Kumchira kwa gulu ndi kotopetsa, chifukwa pokhota paliponse akutsogolo amadutsa mosalala pamene akumbuyo amaima n'kuyambanso kuthamangira, ndipo ngozi zambiri zimakugwerani kumeneko. Ikafika nthawi yanu yotsogola, tsogolani mwachidule n'kupatuka. Ngati mulibe mphamvu, khalani kumbuyo kwa osinthanawo ndipo muwasiyire mpata wolowera.

## Sitepe 10: Zitunda, akatswiri akamakudutsani, ndi tayala likaphwa

Chitunda chikamayandikira sunthirani kutsogolo kwa gulu, kuti ena akamakupitirirani pokwera mudzafike pamwamba mukadali kumchira kwake. Sinthani magiya chitunda chisanakulemereni. Mukafuna kuimirira pa mapedulo, chitani mukupondereza, chifukwa njinga imabwerera m'mbuyo pang'ono ndipo ikhoza kugunda tayala la amene akukutsatani. Dziwiranitu pamene pali zitunda zoopsa. Ku Cape Town, Chapman's Peak ndi Suikerbossie zimabwera chakumapeto, chomalizacho kutatsala makilomita osakwana 20, ndipo anthu amene anawononga mphamvu m'mawa amakankha njinga pamenepo.

Pa mpikisano wozungulira malo amodzi kangapo, akatswiri akhoza kukupezani kuchokera kumbuyo. Mudzamva njinga yamoto kapena galimoto yowatsogolera ikuliza belu. Musadzidzimuke n'kukhotera uku ndi uku. Pitirizani molunjika chakumanzere, asiyireni kumanja, ndipo musalowe pakati pawo kapena kukangamira kumbuyo kwawo. Iwo ali pantchito imene imawadyetsa, ndipo m'mipikisano ina woyang'anira amakutulutsani mukangopezedwa chotero. Magalimoto a matimu si anu: kugwira galimoto kapena kubisala kumbuyo kwake n'kolakwa ndiponso n'koopsa.

Tayala likaphwa tulukani mumsewu kotheratu. Musanaike chubu chatsopano, yendetsani chala mkati mwa tayala kuti mupeze munga kapena kagalasi kamene kabowola, apo ayi chubu chachiwiri chiphwanso musanapite patali. Yesererani ntchitoyi kunyumba mpaka muziimaliza m'mphindi zisanu.

## Sitepe 11: Makilomita omaliza

Ngati mwadya ndi kumwa bwino, apa ndi pamene mudzayambe kudutsa anthu amene anakusiyani m'mawa. Gwiritsani ntchito mphamvu zotsalazo, koma musalowerere mpikisano wa liwiro wa pamzere womaliza ngati simunauyeserepo, chifukwa anthu otopa akapanikizana pa liwiro lalikulu amagwetsana. Mukadutsa mzere musaime pomwepo. Pitirirani mpaka pamene oyang'anira akulozerani, imwani, idyani, ndipo lembani nthawi yanu, pakuti ndi imene idzakupatseni gulu labwino loyambira chaka chamawa.

## Zolakwa zimene zimabwerezedwa kawirikawiri

Kuyesa chinthu chatsopano pa tsiku la mpikisano. Nsapato zatsopano, chishalo chobwereka kapena chakudya cha m'paketi chimene mwagula dzulo lake zikhoza kukuwonongerani miyezi inayi ya thukuta. Nsapato zomata ku mapedulo ndi zabwino, koma zimafuna masabata angapo ozolowera kumasula phazi musanaime.

Kukonzekera nokha nthawi zonse. Munthu wotere amafika pa mpikisano ali wamphamvu koma wamantha, amasiya mpata waukulu kutsogolo kwake, ena amalowapo, ndipo amapezeka ali kumchira osadziwa kuti wafikako bwanji.

Kupondereza magiya olemera. Tinazolowera njinga ya giya imodzi, ndipo ambiri timaona ngati kupalasa mopepuka ndi kufooka. Pamalo athyathyathya miyendo izizungulira maulendo 85 mpaka 95 pa mphindi. Magiya olemera amathetsa minofu msanga ndipo amabweretsa kukokana kuja.

Kudumpha malo omwera madzi poopa kutaya gulu, mabotolo ali opanda kanthu. Mphindi ziwiri zodzazira botolo n'zochepa poyerekeza ndi theka la ola limene mudzataye mutakhala pansi pa mtengo. Kumwa madzi okhaokha ochuluka kwambiri popanda mchere nakonso kumadwalitsa.

Kuvala kabudula wamkati pansi pa kabudula wa pa njinga. Misoko yake imakhula khungu mpaka zilonda.

Kutaya makoko a nthochi ndi mapepala pamsewu. Khoko limagwetsa amene akubwera kumbuyo, ndipo mipikisano yambiri imalanga wotaya zinyalala. Bwezani zonse m'thumba mpaka pamalo otayira.

Kupalasa ndi nambala ya munthu wina. Ena amachita zimenezi pofuna gulu lakutsogolo kapena atachedwa kulembetsa. Akakugwirani amakuchotsani ndipo akhoza kukuletsani mipikisano ina, koma choopsa kwambiri n'chakuti mukagwa n'kukomoka, achipatala adzawerenga dzina, matenda ndi nambala ya foni ya abale a munthu wina, pamene abale anu ku Mangochi sakudziwa chilichonse. Lembetsani m'dzina lanu, ndipo kuseri kwa nambala yanu lembani dzina la wachibale, nambala yake ya foni yoyamba ndi +265, ndi mankhwala alionse amene thupi lanu limadana nawo.